Lipoti la tambala amene anavulaza mwana wa zaka 2 ku Mulanje, ndi mmene wolowa m'malo mwake anasankhidwira

Lipoti ili likufotokoza za tambala wa pakhomo lina m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka, m'boma la Mulanje, amene anavulaza mwana wamkazi wa zaka 2 ndi miyezi 3 kumaso ndi paphewa. Likufotokozanso zimene ndinapeza nditalondola mbiri ya tambalayo, uphungu umene ndinapereka monga mlangizi wa ziweto, ndi njira imene banjalo linatsata posankha tambala wina. Mayina a anthu ndi a mudzi ndawasiya dala. Ndalemba mwatsatanetsatane chifukwa madandaulo a mtundu uwu safika kawirikawiri kwa ife alangizi, popeza kumudzi tambala wothamangitsa anthu amangokhala choseketsa cha pabwalo, ndipo anthu amayamba kumuganizira mozama pokhapokha magazi atatuluka.

Khomolo lili ndi nyumba 3 zoyang'anizana pa bwalo limodzi lopapatiza, monga alili makomo ambiri kuno kumene minda ya tiyi inatenga malo aakulu ndipo anthu, amene pa kalembera wa 2018 anapitirira 680,000 m'boma lonse, amakhala mothithikana. Eni malo ndi mayi achikulire amene onse amawaitana kuti anganga, ndipo nyumba zinazo ndi za ana awo aakazi awiri, amene amuna awo ali pachikamwini. Amayi awiriwa amalawirira kukathyola tiyi, kotero kuyambira m'mamawa mpaka masana ana 5 a pakhomopo, awiri mwa iwo osakwana zaka 3, amatsala ndi anganga okha. Tambala anali wa mkamwini wa kunyumba ya mkulu, pamene mwana wovulalayo anali wa mng'ono, ndipo mfundo imeneyi inalemetsa nkhani kuposa mabala enieniwo.

Nkhuku za pakhomopo zinkayenda momasuka masana n'kumagona m'khola lam'mwamba. Chisanafike chilimwe zinalipo zathadzi 11, koma chitopa chitadutsa m'mudzimo mu Okutobala zinatsala 4 zokha, pamodzi ndi tambala wamkuluyo, atambala ang'onoang'ono awiri a miyezi pafupifupi 6 amene anali ana ake, ndi anapiye ochepa. Panalibe nkhuku ndi imodzi yomwe imene inalandirapo katemera.

Zimene zinachitika ndi mabala a mwana

Malinga ndi mnyamata wa zaka 9 amene anaona zonse, mwanayo anakhala pansi pafupi ndi khitchini akudya mbatata yootcha, nkhuku zathadzi zikutola nyenyeswa m'miyendo mwake. Anagwira imodzi kumchira, iyo inalira, ndipo tambala, amene ankapalasa kuseri kwa nkhokwe, anabwera chothamanga, nthenga za m'khosi zitaima, n'kumulumphira ndi miyendo yonse iwiri uku akukupiza mapiko. Mwana anagwa chagada, koma tambalayo sanasiye mpaka anganga atamumenya ndi tsache. Kusasiya kwake mwana atagwa kale ndinakulemba mwapadera, chifukwa tambala amene wangodzidzimuka amamenya kamodzi n'kubwerera m'mbuyo.

Mabala ndinawaona mwana atabwera kale kuchipatala. Panali bala lojomphedwa pansi pa diso lakumanzere, lotalika pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, ndipo pakati pa balalo ndi chikope panali mpata wokwana chala chimodzi basi. Paphewa panali kabowo kakang'ono koma kozama, kobayidwa ndi chikhadabo chosongoka cha kumbuyo kwa mwendo wa tambala, komanso zokandika pachifuwa. Mayi ake ataitanidwa kuntchito anatsuka mabalawo ndi madzi ambiri ndi sopo, n'kukana malangizo a anthu ena akuti athirepo phulusa, ndipo anachita bwino. Azachipatala anayang'ana kabuku ka kusikelo n'kupeza kuti mwanayo analandira katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14, amene amatetezanso ku kafumbata, kenaka anamanga mabala ndi kupereka mankhwala. Chithandizo cha mwana si gawo langa, koma ndinatsindika kwa mayi ake kuti bala la paphewalo, ngakhale limaoneka laling'ono, ndilo lofunika kuliyang'anira kwambiri, popeza chikhadabo chimene chimaponda zitosi ndi dothi tsiku lonse chimalowetsa tizilombo mkati, khungu n'kutsekeka pamwamba, ndipo kutupa, kufiira, mafinya kapena kutentha thupi zikaoneka ayenera kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Funso loyamba limene anandifunsa linali la chiwewe, matenda amene anthu kuno amawaopa pa zifukwa zomveka. Ndinawatsimikizira kuti chiwewe chimafala kudzera mwa agalu, amphaka ndi nyama zina zoyamwitsa, osati nkhuku.

Mbiri ya tambalayo

Poyamba onse anandiuza kuti tambalayo anali asanachitepo zotere. Nditafunsa munthu aliyense payekha, makamaka amayi ndi ana, mbiri inasintha. Tambalayo anali wamsakanizo, bambo wake wa nkhuku zakuda za Black Australorp zimene boma lakhala likuchulukitsa ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, mayi wake wachikuda, ndipo anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi pafupifupi 6. Make anafa iye ali kamwanapiye, choncho mnyamata wa zaka 9 uja anamulera m'manja, kumugoneka m'katoni kukhitchini, kumudyetsa nsima pachikhatho ndi kuyenda naye paphewa. Atayamba kulira ndi kukwera zathadzi anayambanso kutsatira anthu pambuyo. Mayi wa kunyumba ya mkulu anavomera kuti anawajomphapo kumwendo akuwerama kutsuka mbale, ndipo kuyambira pamenepo ankapita kukhitchini atanyamula kamtengo. Mtsikana wa zaka 6 anali atasiya kudutsa njira ya kunkhokwe. Anyamata a m'mudzimo, atazindikira kuti tambalayo sathawa, ankamuputa ndi phesi la chimanga kuti alumphe, ndipo Loweruka lina lililonse ankamunyamula kukamumenyanitsa ndi atambala a makomo ena. Zonsezi zinachitika kwa miyezi yambiri akuluakulu akuona ndi kuseka.

Ndinamuyang'ana masana ali pabwalo, kenaka ndinamugwira madzulo atalowa m'khola, nthawi imene nkhuku siona bwino ndipo imagwirika popanda kulimbana. Masana, nditangolowa pakati pa nkhuku, sanandipatukire. Anaima chammbali, kundiyang'ana ndi diso limodzi, kugwetsa phiko la mbali yakutali mpaka kukhudza pansi, n'kumandiyandikira pang'onopang'ono uku akunamizira kutola timitengo ndi timiyala, ndipo nditatembenuka kuti ndizipita ndinamva mapazi ake kumbuyo kwanga. Ali m'manja, thupi lake linali lathanzi: ankalemera makilogalamu pafupifupi 3, maso anali owala, mphuno zouma, chifuwa chodzaza, popanda bala kapena chotupa chimene chikanamupweteka n'kumuchititsa ukali. Zikhadabo za kumbuyo kwa miyendo zinali zotalika masentimita pafupifupi 3, zakuthwa. M'mbali mwa maso munali utitiri wochepa, umene tinaupaka mafuta a Vaseline, koma sunali wochuluka moti n'kufotokoza khalidwe lake. Zathadzi 4 zija ndizo zinandiuza zambiri, chifukwa ziwiri zinali zitathothoka nthenga pamsana ndi pankhongo, khungu lili poyera, chizindikiro chakuti zinkakweredwa mopitirira muyeso.

Mmene ndinaimvera nkhaniyi ndi motere. Ukali wa tambala umadzuka pamene wakhwima, homoni yachimuna ya testosterone ikachuluka m'thupi, zimene zimachitika pa miyezi 5 mpaka 7 malinga ndi mtundu ndi kadyedwe, ndipo n'chifukwa chake kamwanapiye kofatsa sikapereka chitsimikizo chilichonse cha mmene kadzakhalire. Tambala wokulira pakati pa nkhuku zinzake amasunga kamantha pang'ono ka munthu, ndipo kamantha kameneko ndiko kamamuchititsa kupatuka. Woleredwa m'manja alibe mantha amenewo, kotero akakhwima n'kukhala wamtima wandewu amamuwerengera munthu m'gulu la opikisana naye. Kumuputa ndi kumumenyanitsa kunamuphunzitsa kuti kulumpha kumapindula, chifukwa nthawi iliyonse imene mwana anathawa akukuwa, iye anaona kuti wapambana. Pamwamba pa izi, chitopa chinasiya atambala 3 akulimbirana zathadzi 4, pamene mlingo woyenera ndi tambala mmodzi pa zathadzi 8 mpaka 10, ndipo mkuluyo ankakhala tcheru tsiku lonse ndi ana ake omwe amene anali atayamba kumuderera. Apa mwambi uja wakuti atambala awiri salira m'khola limodzi unali kunena zenizeni. Mtundu wake sindinauike pa mlandu, chifukwa nkhuku za Mikolongwe zimadziwika ndi kufatsa, ndipo mu mtundu uliwonse mumapezeka tambala wofatsa ndi wolusa, ngakhale kuti mtima wandewu umatha kutsata magazi kuchokera kwa bambo kupita kwa ana.

Chimene chimasiyanitsa mwana wamng'ono ndi munthu wamkulu pa nkhani imeneyi ndi msinkhu. Munthu wamkulu akalumphiridwa amavulala m'miyendo. Mwana wa zaka 2 akaima amatalika masentimita pafupifupi 85, ndipo akakhala pansi nkhope yake imalingana ndi mutu wa tambala wamkulu. Amayenda modzandira, amakuwa mwadzidzidzi, amagwira nkhuku paliponse pamene dzanja lafika, nthawi zambiri amakhala ndi chakudya m'manja, ndipo sadziwa kuwerenga zizindikiro za phiko logwa kapena nthenga zoima. Akagwa sadziwa kubisa nkhope.

Kukambirana ndi banja

Uphungu wanga unali wakuti tambalayo achoke pakhomopo, ndipo achoke ngati ndiwo, osati ngati mbewu. Mwini wake anakana mwaulemu koma molimba. "Alangizi," anatero, "tambala ameneyu ndiye mlonda wa khomo lino. Galu salowa, ndipo taonani thupi lakelo, mbewu yotere mungaipeze kuti?" Maganizo amenewa ndimakumana nawo kawirikawiri ndipo sindimawapeputsa, chifukwa tambala wamkulu ndi chuma, ndipo kwa mkamwini, amene malo si ake, chiweto chimakhala chimodzi mwa zinthu zochepa zimene angaloze kuti ndi zake. Komabe ulonda wa tambala ndi ukali wake kwa anthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ulonda weniweni uli m'maso ndi pakhosi: tambala amalira mwa mtundu wina akaona mphamba m'mwamba, nkhuku n'kuthawira pansi pa zitsamba, ndipo amalira mwa mtundu winanso akaona chilombo chapansi monga galu kapena likongwe. Tambala wofatsa kwa anthu amachita ntchito imeneyi mokwanira. Ndinawakumbutsanso kuti, malinga ndi mawu awo omwe, mphamba anali atatenga anapiye 3 mwezi womwewo mlondayo ali pomwepo.

Iwo anapereka njira zina, ndipo tinaziunika imodzi ndi imodzi pamaso pa onse. Kufupikitsa zikhadabo za kumbuyo n'kotheka, koma nsonga yokha ndiyo imapalidwa, popeza mkati mwake muli fupa ndi mitsempha ya magazi, ndipo zimameranso. Kuwonjezera apo, bala limene linatsala pang'ono kuwononga diso linachokera kumlomo. Kudula mlomo ndinakukana, chifukwa n'kopweteka ndipo nkhuku yodzifunira yokha chakudya singathe kutola bwino ndi mlomo woduka. Kumumenya kapena kumuviika m'madzi kumangomuphunzitsa kuopa munthu amene wamumenyayo n'kumadikira ofooka, kawirikawiri kuwadzera kumbuyo. Pali njira imene alimi ena amaitama, yomunyamula m'khwapa tsiku ndi tsiku kapena kumupanikiza pansi mofatsa mpaka atagonja. Sindikana kuti imatha kusintha mmene tambala amachitira ndi munthu amene akumunyamulayo, chifukwa nkhuku imazindikira anthu payekhapayekha, koma ulemu umenewo supatsirana: akagonjera bambo wa zaka 35 sizitanthauza kuti wagonjera mwana wa zaka 2, ndipo mwanayo sangachite nawo maphunzirowo. Pakhomo pa akuluakulu okhaokha ndikanalola kuti ayese. Pakhomo pamene ana awiri osakwana zaka 3 amatsala ndi mayi mmodzi wachikulire amene akuphikanso ndi kutunga madzi, kuyesako kunali kubetcha ndi diso la mwana.

Woyandikana nawo wina anapempha kugula tambalayo kuti akhale mbewu kwawo. Ndinaletsa, chifukwa khomo lakelo lili pamtunda wosakwana mamita 50, nalonso lili ndi ana, ndipo tambalayo akanabwerera ku bwalo lake lakale m'mawa wotsatira.

Nkhani inathera m'manja mwa malume a amayi awiriwo, mlongo wawo wa anganga, amene monga mwini mbumba anaitanidwa kudzamva mbali zonse. Sanakalipe. Anangoti kwa mwini tambala: "Akamwini, chiweto n'chanu, palibe akukulandani. Koma mwana akadzachoka diso, pamudzi pano mudzakhalapo bwanji?" Anagwirizana kuti tambalayo agulitsidwe kwa ogula nkhuku zokapha, ndipo anganga analonjeza kupereka msoti umodzi kwa mkamwini wawoyo kuti asaone ngati wataya zonse. Mwini wake anapempha kudikira masabata 3 kuti Khirisimasi iyandikire, nthawi imene mtengo wa nkhuku umakwera. Ndinavomera monyinyirika, pa mfundo zakuti tambalayo atsekeredwe m'kakhola kakekake ka nsungwi, chitseko chimangidwe ndi waya pamwamba pamene mwana safika, apatsidwe madeya, masamba ndi madzi tsiku lililonse, ndipo wotsekula akhale mwini wake yekha. Kutsekera kwa masabata ochepa n'kotheka, koma monga njira yokhalitsa sikukanagwira, chifukwa mu Januwale ndi Febuluwale madeya amasowa ngakhale m'nyumba, ndipo tsiku lina wina akanamutsekulira kuti akadzifunire yekha. Atambala ang'onoang'ono awiri aja anachokanso nthawi yomweyo. Mmodzi anali atayamba kale kuyendera anthu chammbali, ndipo onse awiri akanatsala akanamakwera amayi ndi alongo awo omwe, zimene zimafooketsa mbewu.

Kusankha wolowa m'malo

Ndinalangiza kuti asafulumire. Nkhuku yathadzi imaikira mazira ngakhale palibe tambala, kungoti mazirawo saswa, ndipo imasunga mbewu ya tambala m'thupi mwake kwa masabata pafupifupi 2, nthawi zina kupitirirapo, kotero mazira a masabata oyambawo akanatha kuswa ana a magazi omwe timafuna kuwachotsawo. Mazira onse a nthawi imeneyo anadyedwa, ambiri ndi ana.

Mwini tambala wakale anafuna kukagula wina pamsika, ndipo apa ndinaima nji. Pamsika uliwonse, kaya pa Chitakale kaya ku Limbuli, tambala amafika atamangidwa miyendo, atazondoka pa njinga mtunda wautali, ali ndi ludzu, ali kutali ndi zathadzi zake ndi bwalo lake. Tambala wotero amaoneka wofatsa ngakhale ali wolusa chotani, ndipo khalidwe lake lenileni limadzaonekera patatha sabata imodzi kapena awiri, akazolowera khomo latsopano n'kuliyesa lake. Nkhuku zolusa n'zimenenso eni ake amathamangira kugulitsa. Kuwonjezera apo, msika umasonkhanitsa nkhuku za midzi yambiri pamalo amodzi, ndipo chitopa chimayenda mosavuta m'njira imeneyo. Tambala wa pakhomo pa ana amasankhidwa kwawo, ali womasuka pakati pa zathadzi zake, makamaka m'mawa atangotsika m'khola, pamene mphamvu zake zili pamwamba. Ayeneranso kukhala wopitirira chaka chimodzi, khalidwe lake litakhazikika kale, chifukwa wa miyezi 4 kapena 5, ngakhale ndi wotchipa, amakhala asanaonetse chimene ali. Msinkhu umaoneka pa zikhadabo za kumbuyo zija, zimene mwa wamng'ono zimangokhala timatuza ndipo zimatalika ndi zaka.

Woyamba amene tinakamuona, m'mudzi wina wa kufupi ndi msewu wopita ku Muloza, anali wofiira, wamkulu, wokongola, ndipo mwini wake anamuyamikira kwambiri kuti ndi wofatsa. Tambalayo sanatichite kanthu. Koma nthawi yonse imene tinali pabwalo ana a pakhomopo anaima pakhonde osatsika, ndipo mtsikana wina atatumidwa kukatenga madeya anazungulira kuseri kwa nyumba m'malo modutsa njira yachidule ya pakati pa nkhuku. Nditafunsa mayi a pakhomopo pambali ngati tambalayo amathamangitsa ana, anaseka n'kunena kuti amangosewera nawo. Tinatsanzika. Mwa zonse zimene munthu angayang'ane posankha tambala, ndimakhulupirira kwambiri mapazi a ana a pakhomo pamene akuchokera, kuposa mawu a wogulitsa.

Wachiwiri anali wa achibale a anganga, kutsidya kwa mtsinje wa Lichenya, wachikuda, wamawangamawanga, wocheperapo thupi, wa zaka pafupifupi 2. Ndinayenda molunjika pakati pa nkhuku, ndipo iye anapatuka mosathamanga n'kusiya mpata wa mapazi angapo, mutu uli m'mwamba koma nthenga za m'khosi zili chigonere. Nditamufulatira sananditsate. Nditamwaza madeya sanayambe kudya: anatola pang'ono, kugwetsa, kutolanso, uku akuitana zathadzi ndi kamawu kafupikafupi kobwerezabwereza, ndipo anadya zitayamba izo. Ndinanjuta pansi kuti nkhope yanga itsike, n'kugwedeza nsalu mwadzidzidzi, ndipo anangolira kochenjeza n'kusuntha. Chomaliza, chimene chinali chofunika koposa chifukwa ndicho chinayambitsa ngozi ija, ndinagwira yathadzi imodzi mpaka inalira. Anathamangira kufupi, kukuwa, kuzungulira, koma sanalumphe, ndipo nditaisiya anaitsatira n'kubwerera nayo kwa zinzake. Misana ya zathadzi zake 9 inali yodzaza nthenga. Ana a pakhomopo ankadutsa pakati pa nkhuku osaziyang'ana n'komwe, ndipo mayi wina ananena kuti bambo wake wa tambalayo anakalamba pakhomo pomwepo osajomphapo munthu. Mayeso onsewa amachita munthu wamkulu wovala buluku lalitali, ndipo mwana sayenera kuikidwa pafupi kuti tione chimene tambala achite.

Mwini tambala wakale anadandaula kuti watsopanoyu ndi wamng'ono thupi, ndipo ananena zoona. Ndinamuyankha kuti ngati akufuna kukweza thupi la nkhuku zake, angathe kudzagula misoti ya Mikolongwe m'tsogolo, magazi a thupi lalikulu n'kulowa kudzera kwa zathadzi, tambala akhalebe wofatsayu. Thanzi lake ndinaliona bwino: maso owala, kupuma kopanda phokoso, miyendo yowongoka yosalala, kumatako kouma. Anamutenga mosinthana ndi msoti ndi ndalama pang'ono.

Atafika sanasakanizidwe ndi zinzake nthawi yomweyo. Anakhala masabata 2 m'kakhola ka nsungwi kaja, katatsukidwa, kuthiridwa phulusa ndi kusunthidwa kutali ndi khola lalikulu, chifukwa nkhuku imatha kunyamula chitopa masiku angapo, nthawi zina mpaka pafupifupi masabata 2, isanaonetse zizindikiro. M'nthawi imeneyo nkhuku zonse za pakhomopo zinalandira katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wa dontho limodzi m'diso, amene amapangidwa ku labotale ya boma ya ziweto ku Lilongwe ndipo amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse. Tinamulowetsa m'khola lalikulu usiku, kuti nkhuku zidzuke naye limodzi.

Kusintha tambala kokha sikukanakwanira, popeza ngakhale wofatsa ndi chiweto chachimuna chokhala ndi mlomo ndi zikhadabo, ndipo angathe kulumpha tsiku limene yathadzi yake yalira m'manja mwa mwana. Choncho tinasintha ndi kakhalidwe ka pabwalo. Amuna awiri a pakhomopo anamanga kampanda ka nsungwi kofika m'chiuno kuzungulira khonde la anganga, ndipo ana aang'ono amadyera mmenemo pamphasa, zimene zimawatalikitsanso ku zitosi za nkhuku zimene zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Madeya amamwazidwa kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi khitchini, kuti nkhuku zisiye kufuna chakudya m'manja mwa anthu. Mnyamata wa zaka 9 uja, amene anali ndi chisoni chachikulu chifukwa tambala wochotsedwayo anamulera yekha, ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera kuti kulera kamwanapiye kamasiye sikulakwa, koma kakakhala kachimuna kayenera kubwezedwa kwa nkhuku zinzake kakangomera nthenga, osakanyamula paphewa kapena kukadyetsa pachikhatho. Ndinamuphunzitsa zizindikiro za phiko logwa, kuyenda chammbali ndi nthenga zoima, ndipo anapatsidwa udindo wouza anganga akangoziona. Anyamata omenyanitsa atambala anachenjezedwa kudzera kwa makolo awo. Tinagwirizananso pamaso pa malume kuti tambala watsopanoyu akadzangolumphira munthu kamodzi, wamkulu kapena mwana, adzachoka popanda msonkhano wina.

Pa nthawi ya katemera wotsatira, mvula ikupita kumapeto, mabala a mwana anali atapola, pansi pa diso patatsala kachipsera kopyapyala, ndipo bala la paphewa silinatukusire. Mwanayo ankaopabe nkhuku iliyonse, ngakhale anapiye, ndipo ndinalangiza mayi ake kuti asamukakamize kuziyandikira, koma azimulola kuziona ali m'manja mwa munthu wamkulu. Tambala watsopanoyo anali asanatsatirepo munthu, nthenga za pamsana pa zathadzi ziwiri zija zinali zitamera, ndipo ziwiri mwa zinayi zinali zitaswa, imodzi anapiye 8, ina 6, patatha masiku 21 ofungatira monga mwa nthawi zonse. Chimene chinali chisanathe ndi tambala wa khomo loyandikana, amene kuyambira pamene wolusa uja anachoka wayamba kulowa pabwalopo m'mawa kudzalimbana ndi watsopanoyu, ndipo anaonedwapo akugwetsa phiko kwa mtsikana wa zaka 6 uja. Popeza chiwetocho si cha banjali, nkhaniyo yapita kwa a nyakwawa, ndipo podikira chigamulo chawo eni ake avomera kumamutsekera kuyambira m'mawa mpaka amayi a ana aja ataweruka kuntchito.